Musawanamize ana kuti makolo awo sankadziwa malonda

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo yathu, lero sindikumasulira mwambi umodzi monga ndichitira masiku onse. Ndabwera ndi mlandu, ndipo amene ndikuwaimba mlanduwo ndi anthu ophunzira kundiposa.

M'sukulu zathu za ukachenjede, makamaka kumene achinyamata akuphunzira za malonda ndi kayendetsedwe ka chuma, muli phunziro limene latchuka zaka zino. Dzina lake n'lachingerezi, entrepreneurship, ndipo cholinga chake n'chakuti wophunzira akalandira digiri asayambe kuzungulira m'maofesi ndi envulopu yakhaki m'khwapa, koma aziganiza zatsopano, ayambitse ntchito yakeyake, mwinanso alembe anzake. Cholinga chimenechi ndilibe nacho chifukwa. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka adali osakwana zaka 18. Palibe boma kapena kampani imene ingakhale ndi mipando yokwanira khamu lotere. Mu 2021 sukulu ya Polytechnic ku Blantyre idasanduka yunivesite yoima payokha, MUBAS, ndipo mawu akuti bizinesi adalowa m'dzina lake lenilenilo. Chaka chomwecho boma lidakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, momwe nkhani ya kusintha kaganizidwe ili patsogolo. Zonsezi n'zabwino.

Chimene ndikukana ndi kachiphunzitso kamene kamalowa m'kalasi katabisala kumbuyo kwa phunziroli. Ndakamva pa wailesi, ndakamva m'misonkhano, ndakamvanso pakamwa pa ana obwera ku tchuti. Akuti Mmalawi ndi wosauka chifukwa cha chikhalidwe chake. Akuti makolo athu ankangolima chodya basi, sankadziwa phindu, sankayesa zatsopano, ndipo mwana wofuna kutukuka ayambe wavula maganizo a kumudzi monga munthu avula malaya ong'ambika. Kenaka amamuwerengera mbiri za anthu olemera a ku America amene adayambira m'magalaja a makolo awo, mwana wa ku Ntchisi amene kwawo kulibe ngakhale galimoto yoti n'kuimangira galaja. Ili ndi bodza, ndipo ndi bodza lowononga, chifukwa mwana amene wauzidwa kuti kwawo kulibe nzeru amangoyang'ana kunja, n'kumadikira kuti wina amubweretsere.

Tiyeni tiyambe ndi zimene zidalembedwa, popeza ophunzira amakhulupirira pepala kuposa pakamwa pa agogo. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859, sadapeze anthu ongokhala pansi. Adapeza Amang'anja akulima thonje, akulipota n'kuomba nsalu m'midzi mwawo. Adapeza ng'anjo zosungunuliramo chitsulo, ndi amisiri osula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Adapeza anthu akuphika mchere kuchokera ku dothi, n'kumasinthanitsa ndi katundu wa anthu a kumapiri. Nsalu ya machila, yoombedwa ndi manja a anthu athu, inkayenda malonda m'chigwa cha Zambezi zaka zambirimbiri azungu a ku Britain asadafike, ndipo makasu a Amaravi ankafunidwa mpaka ku Tete. Ayao ankanyamula katundu kuchokera kuno kukafika kunyanja yamchere, ku Kilwa. Mbali ina ya malonda a nthawi imeneyo idali yonyansa, chifukwa ankagulitsanso anthu, ndipo zimenezo palibe woziikira kumbuyo. Koma wonena kuti anthu amenewa sankadziwa mtengo, sankadziwa msika, sankadziwa kuwerengera ulendo wa miyezi, ameneyo sadawerenge mbiri ya dziko lake.

Tangoganizani za munthu woyamba kuzindikira kuti mwala wakutiwakuti, ukauika m'ng'anjo yadothi pamodzi ndi makala n'kuupemerera ndi mvukuto usana ndi usiku, umatulutsa chitsulo. Adalephera kangati asadapeze muyeso wake? Ngati kumeneko si kuganiza zatsopano, ndiye kuti mawuwa alibe tanthauzo.

Nanga luso limeneli lidapita kuti? Silidafe ndi miyambo. Lidafa ndi zinthu zimene tingazitchule ndi zaka zake. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, idakhazikitsidwa mu 1878, ndipo nsalu ndi makasu a m'mafakitale a kunja zitadzaza m'masitolo, woomba nsalu ndi wosula makasu wa m'mudzi adasowa wogula. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda lidabweretsa msonkho wa nyumba, woti uperekedwe ndi ndalama, ndipo ndalamayo munthu ankaipeza pokagwira ntchito kwa mzungu. Mawu akuti thangata, amene kwa makolo athu ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, adawapotoza n'kukhala ntchito yokakamiza m'minda ya azungu. Amuna amphamvu adatengedwa kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ena osabwerako, amene tinkawatcha matchona. Mnyamata amene akadaphunzira kusula pambali pa malume ake adakaphunzira kukumba golide wa eni ake.

Sukulu nayo idabwera ndi cholinga chake. N'zoona kuti amishoni, monga a ku Livingstonia, ankaphunzitsa ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku. Koma mphotho yaikulu ya mwana wanzeru idali kukhala kalaliki, kuvala taye n'kumalemba m'kaundula wa wina. Sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, idatsekulidwa mu 1940, ndipo ochepa amene ankafikako ankayembekezedwa ndi maofesi a boma. Pamenepo ndi pamene padabadwira maganizo akuti wophunzira amalembedwa ntchito, wolephera ndiye amagulitsa pamsika. Maganizo amenewa, amene lero akuti ndi a kumudzi, adabadwira m'kalasi. Kumudzi adangofikako ndi ana obwera ku tchuti.

Ndipo ngakhale pa nthawi yovutayo adalipo okana. John Chilembwe atakhazikitsa mpingo wake ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mu 1900, adautcha Providence Industrial Mission, ndipo ankalimbikitsa anthu ake kulima, kusoka ndi kudziimira paokha. Pakati pa anzake padali amalonda achikuda okhala ndi masitolo ndi minda yawoyawo, monga Duncan Njilima, amene adaphedwa ndi boma la atsamunda pambuyo pa kuukira kwa mu 1915. Nkhope ya Chilembwe timaiona pa ndalama. Ndi angati mwa ophunzira za malonda amene adauzidwapo za Njilima?

Tsopano tibwere ku miyambi, kumene ine ndimadyera. Otsutsa amati miyambi yathu imaphunzitsa kudekha, kugonja ndi kudikira. Amatola umodzi, monga wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kumati taonani, anthu awa adaphunzitsidwa kukhala pansi. Amaiwala kuti makolo omwewo adatinso zengerezu adalinda kwawukwawu. Miyambi ili ngati mankhwala a sing'anga: wopupuluma amapatsidwa wake, waulesi amapatsidwanso wake, ndipo nzeru ili pa kudziwa wodwala. Kodi ndi buku liti la malonda limene lidafotokoza chiyambi cha ntchito iliyonse yatsopano kuposa mawu akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko? Amene vuto lamugwira ndiye amadzuka kukafuna njira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: pita ukaone mmene ena akuchitira. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: usanyoze nzeru chifukwa yachokera kwina. Safunsa adadya phula: usanaike ndalama zako pa chinthu, yamba wafufuza. Walira mvula walira matope: wofuna phindu avomerenso kuluza. Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Ndikadakhala ndi kalasi ya ophunzira za malonda, miyambi isanu ndi umodzi imeneyi ikadatitengera teremu yonse, ndipo sitikadaimaliza.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zolemera, ndipo sindizithawa. Yoyamba ndi ya masitolo a kumidzi. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu, kuti malonda a kumidzi atsale m'manja mwa eni dziko. Ambiri mwa masitolo aja sadakhalitse, ndipo mpaka lero mukamayenda m'misewu yathu mumaona mabwinja ake, makonde atagwa, mbuzi zikugona pamene pankakhala telala. Otsutsa amati umenewu ndi umboni wakuti ife malonda sitiwatha. Ine ndimaona umboni wa chinthu china. Mwana wa Mmwenye ankakulira kuseri kwa kauntala. Asadathe kulemba dzina lake ankadziwa kale kuyeza nsalu, kubweza chenji ndi kukana ngongole mwaulemu, ndipo akakula abale ake a m'tauni ankamupatsa katundu woyambira pa ngongole. Mmalawi amene adalowa m'sitolomo adalandira nyumba ndi mashelefu, koma sadalandire zaka makumi awiri za kuphunzira pambali pa wodziwa. Chimene chinkayendetsa sitolo ya Mmwenye chidali chomwecho chimene chinkayendetsa ng'anjo ya agogo athu: mwana kuphunzira ndi manja pafupi ndi mkulu, ndi abale kugwirana mkono. Atsamunda adadula chingwe chimenechi kwa ife, kwa iwo sadachidule.

Yachiwiri ndi ya kaduka ndi chibale. Iyi imawawa chifukwa ndi yoona. Munthu akagula chigayo, mawa lake mumva kuti wakhwima. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, adayamba kutola zitsulo zotayidwa kuti apange makina opukusa magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito njinga yakale, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, atangoona chithunzi m'buku la mu laibulale yaing'ono. Anthu ankati wachita misala, mpaka tsiku limene babu lidayaka. N'zoonanso kuti wokala zambiri zagwa chifukwa cha abale otenga sopo ndi shuga pa ngongole yosabweza. Koma kaduka ndi nthenda ya mtima wa munthu, ndipo sindidamvepo nankungwi kapena mfumu ikulangiza ana kuti azichitira anzawo nsanje. Nkhokwe ikalowa anankafumbwe sitiitentha, timathira phulusa kapena mankhwala.

Pa nkhani ya abale, mwambo womwewo uli ndi yankho limene aphunzitsi a malonda akadayenera kulikumbatira. Agogo athu aakazi akakolola ankasankha chimanga cha maso akuluakulu, n'kuchimanga patsindwi pamwamba pa moto kuti utsi ndi mwaye zichiteteze. Chimenecho chidali mbewu. Mlendo akabwera ankamuphikira za m'nkhokwe, wachibale akapempha ankamutapira za m'nkhokwe, koma cha patsindwi palibe ankachikhudza, ndipo palibe ankanena kuti mayi wokaniza mbewu ndi woumira. Aliyense ankadziwa kuti wodya mbewu wadya chaka chamawa. Mpamba wa malonda ndi mbewu imeneyo. Mnyamata woyamba geni amene wauzidwa m'kalasi kuti chibale ndi mdani wa bizinesi amapita kwawo n'kukadana ndi amalume ake, kapena amachita manyazi n'kugawa zonse. Koma amene angawauze amalume kuti, "Pepani amalume, iyi ndi mbewu, dikirani tikolole," walankhula chilankhulo chimene amalumewo adachiyamwira, ndipo chibale chatsala chilipo.

N'chimodzimodzi ndi kusonkha mpamba. Kale anthu ankaitana dima: mwini munda afulula mowa kapena thobwa, mudzi wonse udzamulimira tsiku limodzi, mawa apita kwa wina. Lero amayi ali ndi chipereganyu ndi banki mkhonde, ndipo m'magulu amenewa anthu amene ena sadafike Sitandade 8 amasunga ndalama, amakongozana, amawerengera chiwongoladzanja, n'kugawana chaka chikatha popanda loya. Pamene mwana wa digiri amakhala zaka zitatu kunyumba akunena kuti alibe mpamba chifukwa banki ikufuna chikole, mayi ake omubala agula mbuzi zinayi ndi ndalama za m'gulu. Ndani mwa awiriwa afunika kusintha kaganizidwe?

Apa ndiye pali vuto lenileni la kaphunzitsidwe kathu ka malonda. Tatenga phunziro la manja n'kulisandutsa la pepala. Wophunzira amauzidwa kulemba pulani ya bizinesi ya masamba makumi atatu, m'Chingerezi chosalala, ya fakitale ya mamiliyoni imene sadzaimanga. Amakhoza bwino, amavala mkanjo, amajambulitsa, koma sadagulitsepo ngakhale bokosi la machesi, ndipo nthawi zina womuyesa mayesoyo nayenso sadagulitsepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikutulutsabe akalaliki, kusiyana kwake n'kwakuti akalaliki a lero amalemba za makampani a m'maloto. Ndipo mayeso amene amalanga aliyense wophonya sangabale munthu woyesa zatsopano, pakuti woyesa zatsopano amaphonya kambiri asadalase. Makolo ankadziwa zimenezi. Adati mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere, imufotere yekha. Mtengo wa msatsi ndi wofewa, nyanga yake sikhalitsa, ndipo mkulu ankadziwa. Koma ankamusemerabe mwanayo, chifukwa phunziro la chinthu chokufotera m'manja mwako silichoka m'mutu, ndipo mtengo wake ndi wochepa ukalipira uli mwana.

Ndiye ine pempho langa kwa akuluakulu a sukulu za ukachenjede ndi ili. Mwana wa chaka choyamba, asadatsekule buku lililonse la za malonda, mutumizeni kumsika. Akakhale milungu ingapo pambali pa mayi wogulitsa tomato pa Lizulu kapena pa Jenda, kapena wogula usipa m'mbali mwa nyanja n'kukaugulitsa ku Lilongwe. Asapite ngati wofufuza wonyamula mafunso olembalemba, apite ngati wantchito, adzuke nawo mbandakucha, anyamule nawo dengu. Mayi ameneyo amadziwa kuti tomato wa lero akapanda kutha pofika madzulo atsitse mtengo motani kuti asaluze mpamba. Amadziwa woti n'kumuikira banyira ndi woti n'kumukaniza ngongole. Amadziwa kuti katapila amadya munthu bwanji. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sadadikire msonkhano wa akatswiri, adakonza mitengo yake sabata yomweyo ndipo ana ake sadagone ndi njala. Wophunzirayo akabwerako, pamenepo mupatseni mabuku, ndipo mudzaona mmene adzawamezere, chifukwa tsamba lililonse lidzakhala likuyankha funso limene adalitola yekha.

Musandimve molakwa, adzukulu anga, sindikuti digiri ya zaka zinayi ithere pa kuunjika tomato pa thumba. Mabuku ali ndi zimene mayi uja alibe: kasungidwe ka kaundula, malamulo a msonkho, kayezedwe ka ukhondo wa chakudya, njira zofikira misika ya kunja. Ntchito ya wophunzira ndi kulumikiza ziwirizi. Chaka chilichonse mango amaolera pansi ku Salima ndi ku Nkhotakota m'nyengo ya dzinja, miyezi ingapo pambuyo pake ana akusowa chipatso. Agogo athu ankafutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika, n'kusunga mfutso m'chikwatu cha masamba mpaka chilimwe. Nzeru yosunga chakudya cha nthawi ya mwanaalirenji kuti chidzadyedwe nthawi yosowa ndi yathu kuyambira kale. Chimene chikusowa ndi mwana wophunzira amene angaitenge n'kuiwonjezera choumitsira chabwino, paketi yaukhondo ndi msika. Sangachite zimenezo ngati adaphunzitsidwa kuti chikwatu ndi chizindikiro cha umbuli.

M'chaka chachiwiri mupatseni kampamba kochepa, koti kakatayika sukulu singagwe, ayambe kanthu kenikeni ndi anzake awiri kapena atatu. Kakafota, kafote. Malikisi ake achokere pa mmene angafotokozere chimene chidachitika, ndalama iliyonse kumene idapita, ndi chimene angasinthe ulendo wina. Ndipo kufotokozako kukhale kawiri: kamodzi m'Chingerezi pamaso pa aphunzitsi ake, kenanso m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chilankhulo chilichonse cha ogula ake, pamaso pa anthu a pamsika. Ndaona ana ambiri otha kunena mawu akuluakulu a zachuma amene amachita chibwibwi ukawafunsa kuti, kodi iwe ukugulitsa chiyani, kwa yani, ndipo pa kwacha iliyonse utsala ndi zingati? Wogula wa m'dziko muno sagula m'Chingerezi.

Mwina a ku yunivesite adzati zimenezi n'zotsitsa ulemu wa sukulu, kuti mayi wosadziwa kulemba sangaphunzitse mwana wa digiri. Madokotala amaphunzirira m'zipatala, pa odwala enieni. Ife aphunzitsi tinkatumizidwa kukaima pamaso pa ana enieni tisadalandire satifiketi, mphunzitsi wakale atakhala kumbuyo ndi cholembera. Sindikuona chifukwa chimene wophunzira za malonda yekha angamalizire maphunziro ake osakumana ndi wogula. Ndipo mayi wa pa Lizulu uja asagwiritsidwe ntchito ulere. Alipidwe monga alipidwira mphunzitsi aliyense wobwera kudzathandiza, afunsidwe maganizo ake pa mwana amene adamusunga, ndipo chidindo cha chala chake chikhale pa pepala la malikisi pambali pa siginecha ya a pulofesa.